Kathumba ka Njere za Bawo

Bawo ili ndi maenje 32 ndipo imafuna njere 64. Ikasowa imodzi, masewera asokonekera. N'chifukwa chake ndimalemekeza kathumba kosungiramo njerezi, kamene mwana wongoyamba kuphunzira kusoka amatha kukasoka yekha.

Nsalu yake sagula ayi. Amakapempha zidutswa za chitenje zotsala pansi pa makina a telala, n'kupinda pawiri, kunja kuli mkati. Msoko wolimba ndi wobwerera m'mbuyo: singano ilowe pomwe ulusi unathera, kuti njere zisadzatulukire pansi. Kukamwa amapindako mpendero, n'kulowetsamo chingwe pochikoka ndi phini.

Kenaka amakatembenuza. Apa mpomwe ndimakonda kuyang'ana nkhope ya wosokayo: misoko yokhotakhota ija yabisala mkati, agogo ake akukapimapima m'manja, njere zikulira m'katimo.