Chiwaya cha pa boma la Chitipa

Amene anayendapo pa msewu wa Karonga kupita ku Chitipa usanathiridwe phula akukumbukira njala imene munthu unkafika nayo pa boma, fumbi lili mbuu m'tsitsi. Chotilandira chinali fungo la chiwaya cha bambo wina pafupi ndi pokwerera basi.

Bamboyo moto ankaudziwa. Mbatata ya kachewere ankaisenda mbandakucha, kuidula mofanana, kuiviika m'madzi, ndipo mafuta asanapse sankaponyamo kanthu. Ukapempha tchipisi cha mazira, chija anzathu a ku Tanzania amati chipsi mayai, ankaswa mazira awiri, n'kutembenuza kamodzi kokha, kenaka kabichi, tomato ndi tsabola wa kambuzi pamwamba. Mwana wasukulu ndalama zikamuperewera sankabwerera chimanjamanja.

Msana utayamba kuvuta, bamboyo anagulitsa malowo. Mwini watsopano waika mipando ndi denga lamalata, ndipo tikuyamika. Koma mafuta amakazingira mpaka kuda bii, tchipisi n'kutuluka cholobodoka.

Achimwene amene munagula chiwaya chija, mkuluyo akadali moyo. Pitani mukamutenge, akhale nanu pamoto ngakhale tsiku limodzi.