Buku la Latané ndi Darley pa za Anthu Oonerera

M'chaka cha 1964 mkazi wina, Kitty Genovese, anaphedwa usiku mu mzinda wa New York, ndipo nyuzi ya New York Times inalemba kuti anthu 38 anaona zoopsazo osachitapo kanthu. Mbiri imeneyi ndiyo inautsa Bibb Latané ndi John Darley kufufuza, ndipo mu 1970 anatulutsa buku lao, The Unresponsive Bystander.

Ubwino wa bukuli uli pakuti eni ake sanafulumire kunena kuti anthu a m'mizinda ali ouma mtima, koma anayamba ayesa. Ophunzira anamva mnzao m'chipinda china akuchita ngati wagwa khunyu. Mwa amene anaganiza kuti akumva okha, 85 pa 100 anathamangira thandizo. Mwa amene anaganiza kuti anzao anai akumvanso, 31 okha. Yense anatula katunduyo pa mnzake, ngakhale ambiri a okhala chetewo anali kunjenjemera ndi nkhawa.

Chilema chake nchakuti bukuli liwerenga za munthu mmodzi mmodzi, chikhalirecho wopwetekedwa safunsa za onse. Iye afuna mmodzi yekha womlanditsa. Mu 2019 Richard Philpot ndi anzake anapenda ndeu 219 zojambulidwa ndi makamera m'miseu ya Lancaster, Amsterdam ndi Cape Town. Pa ndeu 9 mwa 10 panaoneka woleretsa, ndipo pochuluka anthu mwai wa thandizo unakulanso. Ndiponso mbiri ija ya anthu 38 inapezeka mu 2007 kuti inalibe umboni wokwanira.