Chichewa Pakamwa, Chingerezi pa Cholembera: Ndemanga pa Makanema a pa YouTube

1. Mawu oyamba

Pakati pa anthu okonda chinenero chathu pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri, lakuti makanema amene anthu wamba amajambula okha ndi kuwaika pa YouTube akuononga Chichewa. Odandaulawo amatchula zinthu zomwezomwezo nthawi zonse: kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi m'chiganizo chimodzi, mawu a achinyamata a m'tauni, kumeza maphatikizo polankhula, ndi kuchepa kwa ulemu. M'pepala lino tikufuna kusonyeza kuti dandauloli laloza malo olakwika. Chichewa cha pakamwa sichinayambe chamvekapo pagulu mochuluka ndiponso mosiyanasiyana monga chikumvekera m'makanemawa. Chimene chikufooka ndi Chichewa cholembedwa, ndipo gwero la kufookako silili m'kamwa mwa achinyamata ayi, koma m'njira imene makina amagwiritsa ntchito pofikitsa kanema kwa womuonera.

2. Chipata chimodzi, ndi kugwa kwa mpanda

Kuti timvetse bwino za odandaula aja, tiyenera kukumbukira kumene tachokera. Mu 1968 msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chinenero cha fuko, pambali pa Chingerezi. Mu 1972 kunakhazikitsidwa Bungwe la Chichewa, limene linatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Masiku amenewo wailesi inali imodzi, ya MBC, ndipo pulogalamu ya Tiphunzitsane Chichewa inkaweruza poyera mawu oyenera ndi osayenera. Wailesi ya kanema inadzayamba mu 1999. Tinganene tsono kuti mawu alionse ofika ku khutu la fuko ankadutsa pa chipata chimodzi, ndipo pa chipatapo panali mlonda. Bungwelo linatha mu 1995, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996, koma maganizo akuti chinenero chimasungidwa ndi mlonda wa pa chipata sanathe nawo.

YouTube inayamba mu 2005 ku America, ndipo kampani ya Google inaigula mu 2006. Maziko ake ndi akuti wina aliyense angathe kuikapo kanema wake popanda mkonzi, ndipo woonera sadikira kuti kanema yense alowe mu foni yake: amaonera zidutswa zikamafika. Kwathu kuno, chifukwa cha kukwera mtengo kwa mabando a intaneti, kaoneredwe kameneka kamasanganikirana ndi kena. Mmodzi amatsitsa kanema kamodzi, kenaka kanemayo amayenda pa foni ndi foni, pa memori khadi, kudzera kwa anyamata a m'timashopu ta pa msika amene amaikira anthu nyimbo ndi mafilimu. Choncho chiwerengero cha oonera chimene chimalembedwa pansi pa kanema wa Chichewa n'chochepa poyerekeza ndi anthu amene anamuonadi. Wofufuza asachitenge ngati muyeso wa kukula kwa chinenero.

Mpanda utagwa, analowa ambiri: alaliki, oimba, a zisudzo za nthabwala, omasulira mafilimu akunja, amayi ophunzitsa kuphika, alimi osonyeza kapangidwe ka manyowa. Analowanso olankhula Chitumbuka, chimene chinachotsedwa pa wailesi mu 1968 mpaka 1994, ndi olankhula Chiyao, Chilomwe ndi Chisena, osapempha chilolezo kwa munthu.

3. Za mawu obwereka

Mbali imeneyi sitichedwapo, chifukwa mlandu wake ndi wopepuka. Aneni monga kulayika, kusheya, kuposita ndi kudawuniloda alowa pa njira yomwe inadutsa kusayina kalelo. Aikidwa malembo a liwu pakati pa malembo opanda liwu, amathera ndi -a monga mneni aliyense, ndipo amalandira misintho yonse: kulayikana, kulayikitsa, kusheyeredwa, ndisheyereko. Dzina lakuti vidiyo lapeza gulu lake, pakuti timati vidiyo iyi, mavidiyo awa. Ngakhale liwu lakuti kanema, limene odandaula amalitenga ngati Chichewa chenicheni, ndi lobwereka. Ndipo n'zochititsa chidwi kuti olankhula sanalisokoneze ndi mayina ochepetsa oyamba ndi ka-, pakuti timati kanema wabwino, osati kanema kabwino. Chinenero chimene chikugonjetsa mawu achilendo motere sichikudwala.

Pali kalankhulidwe kamodzi kokha kamene tikuvomereza kuti n'koyenera kukayang'anitsitsa, ndiko kuika mneni kupanga patsogolo pa liwu la Chingerezi losasinthidwa. Pamene wojambula akuti "pangani subscribe" tingamukhululukire, poti liwulo ndi lolembedwa pa batani limene akuloza. Koma pamene akuti "tipange discuss" m'malo mwa tikambirane, mneni wa Chichewa wachotsedwa ntchito ali wamoyo, ndipo misintho yonse yaunjikana pa kupanga yekha. Komabe kalankhulidwe kameneka kanayamba kale m'maofesi ndi m'sukulu, makanema angokaulutsa.

4. Makina owerenga, osamva

Tsopano tifike pa nkhani yeniyeni. Kanema akaikidwa pa YouTube amakhala pakati pa makanema ena osawerengeka, ndipo kuti apezeke payenera kukhala mawu olembedwa: mutu wake ndi kufotokoza kwa pansi pake. Wofunafuna naye amalemba malembo. Wojambula wanzeru amadziwa zimenezi, ndipo amadziwanso kuti otsatsa malonda amalipira zambiri pa woonera wa ku London kapena ku Johannesburg kusiyana ndi wa ku Ntcheu. Kuti ayambe kulandirako ndalama za otsatsawo, malamulo amene anaikidwa mu 2018 anafuna omutsatira 1,000 ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Munthu amene akusaka chiwerengero chotere salemba mutu m'chinenero chimene akuganiza kuti chimuchepetsera oonera.

Zotsatira zake aliyense angathe kudzionera yekha. Ulaliki wa ola lathunthu, wolankhulidwa m'Chichewa chokoma kuyambira pa pemphero loyamba mpaka pa lomaliza, umakhala ndi mutu wa Chingerezi. Sewero la nthabwala limene kukoma kwake konse kuli pa miyambi ndi pa kunyogodola limalengezedwa m'Chingerezi. Mwana amene akuonera akumva Chichewa ndi khutu pamene maso ake akuwerenga Chingerezi, ndipo tsiku ndi tsiku akuphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi analilemba pa bolodi, lakuti Chichewa ndi cha pakamwa, koma ukagwira cholembera usinthe. Kugawana ntchito kumeneku si kwachilendo. Ndi komwe kuja kwa mu 1968, pamene Chingerezi chinatsala ndi mafayilo a boma, Chichewa n'kupatsidwa msonkhano wa pa bwalo. Chachilendo n'chakuti tsopano palibe lamulo lokakamiza. Wojambula akusankha yekha, ndipo malinga ndi mmene zinthu zilili, akusankha mwanzeru.

Ngakhale iye amene walimba mtima nalemba mutu m'Chichewa amakumana ndi vuto lachiwiri, ndipo vuto limeneli ndi lathu ife a zinenero. Malamulo a ku Malawi amalemba ch pamene kalembedwe ka ku Zambia, kovomerezedwa mu 1977, ndi ka ku Mozambique kamalemba c. Liwu limodzi ndi chikondi ku Lilongwe, cikondi ku Chipata. Amene anakulira pa Buku Lopatulika la 1922 amalembabe bv pamene ana a sukulu amalemba v. Ena amalemba mau, ena mawu. Ena pa nyumba, ena panyumba. Pa foni, chizindikiro cha m'mawu monga n'kuti ndi ng'ombe chimafuna kudina kowonjezera, choncho ambiri amangochisiya, ndipo lembo la ŵ ambiri sadziwa kumene labisala. Munthu wowerenga amalumpha zonsezi osapunthwa, chifukwa amadziwa kuti liwu ndi lomwelo. Makina sadziwa, pokhapokha ataphunzitsidwa ndi malemba ochuluka kwambiri, ndipo malemba ochulukawo ndiwo tilibe. Motero olankhula chinenero chimodzi, amene amamvana bwino lomwe akakumana pa Mwami kapena pa Dedza, amagawidwa timagulu ting'onoting'ono pa malo ofunafunira. Ngakhale dzina la chinenerocho ndi lapawiri: kwina Chichewa, kwina Nyanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 akatswiri a maiko atatuwa, mothandizidwa ndi bungwe la CASAS la ku Cape Town, anakonza kalembedwe kogwirizanitsa, koma kalembedweko sikanalowe m'manja mwa anthu olemba tsiku ndi tsiku. Nthawi imeneyo kusagwirizanaku kunkaoneka ngati nkhani ya osindikiza mabuku okha. Lero kukukhudza woimba wa ku Katete amene akufuna kumvedwa ku Mchinji.

Chitsanzo cha Giddes Chalamanda chikusonyeza mbali ina ya vuto lomweli. Mu 2020 woimbayu, amene anabadwa mu 1930, anajambula kanema ndi Patience Namadingo, ndipo kachidutswa ka nyimbo ya Linny Hoo kanafalikira pa TikTok ndi pa YouTube mpaka kuonedwa kambirimbiri m'maiko akutali. Ambiri ananyadira kuti Chichewa chafika pa dziko lonse. Ife tikuti chimene chinafika ndi liwu la nkhalambayo ndi kumwetulira kwake. Anthu akunjawo anavina, koma nyimbo imatha kuwoloka nyanja tanthauzo lake n'kutsala tsidya lino. Ulaliki, phunziro la ulimi ndi sewero sizingayende choncho. Zimafuna mawu olembedwa pansi pa chithunzi.

Mawu otere YouTube inayamba kuwalemba ndi makina mu 2009, kuyambira ndi Chingerezi. Makina omva mawu amaphunzira pa maola ambirimbiri a zolankhula zimene munthu anazilemba kale liwu ndi liwu, kotero chinenero chimene chilibe nkhokwe yotere chimatsalira, ngakhale olankhula ake atakhala mamiliyoni. Google Translate inalandira Chichewa mu 2014, koma kumasulira zolembedwa ndi ntchito ina, kumva zolankhulidwa ndi inanso. Panali njira yakuti oonera odzipereka azilembera kanema wa mnzawo mawu a pansi, koma inatsekedwa mu 2020. Amene akumanidwa kwambiri pamenepa ndi anthu osamva, amene kanema wa chinenero cha kwawo amangomuona milomo ikugwedezeka.

5. Foni ndi chipinda chochezera

Pali kanthu kena kamene odandaula aja akukamva ndithu, ngakhale akukatchula dzina lolakwika. Foni ndi ya munthu mmodzi. Wailesi ya kanema ndi ya banja. Zipangizo monga Chromecast, imene inatuluka mu 2013, ndi makanema a m'nyumba olumikizika ku intaneti zinasamutsa YouTube kuchoka m'dzanja kupita pa khoma, ndipo mu 2025 mkulu wa YouTube, Neal Mohan, analengeza kuti ku America anthu akuonera nthawi yaitali pa kanema wa m'nyumba kuposa pa foni. Ku Malawi, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi banja limodzi lokha mwa mabanja khumi ndilo linali ndi magetsi a pa nthambo, izi zikuchitika m'nyumba zochepa za m'tauni. Komabe pamene zachitika, mawu amene mnyamata anawalankhula poganiza kuti akucheza ndi mnzake wa msinkhu umodzi amamveka pamaso pa apongozi. Muulutsi wa pa wailesi ankadziwa kuti agogo ndi adzukulu akumvera limodzi, ndipo ankasankha mawu moyenerera. Wojambula wa lero sadziwa chipinda chimene mawu ake akagwere. Chimene chalakwika apa si galamala, koma kusemphana kwa kalankhulidwe ndi malo. Ndipo malamulo a kalembedwe alibe mankhwala ake.

6. Ntchito imene yatsala

Kwa wofufuza zinenero makanemawa ndi chuma. Kalembedwe kathu sikasonyeza kukwera ndi kutsika kwa liwu, kotero mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika zimalembedwa chimodzimodzi. Kanema amasunga kusiyanako. Muli Chichewa cha ku Kasungu, Chimang'anja cha ku chigwa cha Shire, Chinyanja cha ku Likoma, cha ku Angónia ndi cha m'makomboni a Lusaka. Koma nkhokweyi si yathu: mwini kanema akamufufuta wapita, ndipo kawirikawiri sitiuzidwa kwawo kapena msinkhu wa wolankhulayo.

Anzathu a ku Rwanda asonyeza njira. Kudzera mu Common Voice, ntchito imene bungwe la Mozilla linayambitsa mu 2017, anthu odzipereka anasonkhanitsa maola opitirira 1,000 a Kinyarwanda cholankhulidwa pamodzi ndi malemba ake. Dipatimenti ya zinenero ingathe kuyamba pang'ono: ophunzira 40, aliyense atalemba ola limodzi la kanema pa teremu, mwini kanemayo atavomera, ndiye kuti pakutha pa materemu awiri pali maola 80, ndipo mwiniyo walandira mawu a pansi a kanema wake.

Pamenepa padzabuka funso limene okonza ndondomeko ayenera kuliyankha ntchito isanayambe: kodi wolembayo alembe zimene wamva, kapena zimene zikadayenera kunenedwa? Wophunzira amene anazolowera cholembera chofiira adzafuna kukonza. Akamva "nkupita" adzalemba "ndikupita"; akamva "tipange discuss" adzalemba "tikambirane". Akatero, makina adzaphunzira kuyembekezera mawu amene sanatuluke m'kamwa mwa munthu, ndipo akadzamva mlimi wa ku Dowa akulankhula adzasokonezeka monga kale. Maganizo athu ndi akuti palembedwe mizere iwiri: wapamwamba wa zimene zamveka, wapansi wa kalembedwe kovomerezeka, ndipo pa mzere wapansiwo mawu a ch ndi a c asonyezedwe kuti ndi amodzi.