Za Kusunga Ndalama za Sukulu za Sekondale za Boma

Pali mawu amene amveka kawirikawiri m'midzi mwathu, akuti, "Za boma zilibe mwini." Munthu amene sangalole nkhuku ya mnansi wake kutola ngakhale njere imodzi pamphasa pake, yemweyo akaona thumba la simenti ya sukulu lilikutuluka pa njinga madzulo, angoyang'ana kumbali nanena mumtima, Si zanga. Mawu amenewa ndifuna kuwatsutsa, makamaka pa za ndalama za sukulu za sekondale za boma. Pakuti ndiyesa kuti mbala ilowa mosavuta pamene eni chuma adzikana okha kuti sali eni.

Tiyambe takumbukira kumene tachokera. Sekondale yoyamba m'dziko muno inatsegulidwa ku Blantyre mu 1940, ya ku Zomba inatsata mu 1942, ndipo zonse ziwiri zinali m'manja mwa mamishoni. Ya boma inayamba ku Dedza mu 1951. Mu 1994 boma linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Ana amenewo pokula anafuna malo ku sekondale. Chotero mu 1998 malo ophunziriramo a Malawi College of Distance Education anasandutsidwa sekondale zoyendera za m'midzi, zimene tizitcha ma CDSS. Sukulu zinachuluka, matumba a ndalama anachulukanso, koma alembi odziwa mabuku a ndalama sanachuluke chomwecho. M'sukulu zambiri za m'midzi ntchito iyi inagwera mphunzitsi wamkulu, kapena mnzake wophunzitsa masamu, anthu amene anaphunzira kulera ana m'kalasi, osati kusunga chuma.

Ndalama za sukulu izi zakhala zikuchokera mbali ziwiri, kwa makolo ndi ku boma. Mu 2018 boma linachotsa fizi ya K500 pa teremu. Ndipo mu 2025 linalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 makolo asalipirenso ndalama ya chitukuko ndi ya mayeso, ingotsala ya chigonero kwa ana ogonera pasukulu. Ichi n'chinthu choyamika, pakuti ana ambiri a amasiye ndi a osauka ankabwezedwa pakhomo chifukwa cha ndalama zomwezo. Komatu m'chokomacho muli msampha. Kholo limene linagulitsa mtedza wake kuti lilipire chitukuko linali ndi mtima wakufunsa kuti, Nanga chimbudzi chija chili kuti? Likaleka kulipira, kodi silidzalekanso kufunsa? Tisaiwale kuti boma lilibe munda. Ndalama zake ndizo msonkho umene tipereka pogula shuga, nsalu ndi malata, ndi umene udulidwa pa malipiro a antchito, ndiponso ngongole zimene ana omwewo adzabweza akadzakula. Ndalama yasintha njira yofikira pasukulu, koma mwini wake sanasinthe.

Tsono tione zolakwa zimene zidya ndalama izi. Choyamba ndicho kusenzetsa munthu mmodzi zonse. Sindinena kuti aphunzitsi aakulu ndi akuba. Iyayi, ambiri ndi anthu okhulupirika, osenza katundu wolemera ndi malipiro ochepa. Koma munthu mmodzi akakhala wolandira ndalama, wolemba lisiti, wogula katundu, ndiponso wosunga kiyi wa sitolo, tamuika pa mayeso amene sitikadalola kuikapo mwana wathu. Akakhala wofooka adzagwa. Akakhala wolungama adzanamiziridwa, nasowa mboni yomuyeretsa. M'masiku a Yoasi mfumu ya Yuda, ndalama zokonzera Kachisi zinkapita m'manja mwa ansembe, ndipo chinakwana chaka cha 23 cha ufumu wake ming'alu ili chikhalire. Ntchito inayenda pokhapokha atakonza bokosi la kabowo pamwamba, ndi kupangana kuti powerenga pazikhala awiri, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe. Ifenso mumpingo sitilola mkulu mmodzi kuwerenga chopereka yekha mseri, ngakhale timdziwe kuti ndi munthu wa Mulungu. Nanga tilekeranji kuchita chomwecho pa ndalama za ana athu?

Cholakwa chachiwiri ndicho kusakaniza matumba ndi kuchita malonda pakamwa. Ndalama ya chakudya ibwerekedwa kukalipira magetsi, ya mabuku ibwerekedwa kukalandira alendo, ndipo kubweza kwake kuli mawa, mawa. Pakutha pa chaka palibe angathe kulongosola chimene chinapita kuti, ngakhale pakhale posabedwa kanthu. Pano boma lomwe lili ndi mlandu. Pakuti ndalama zikachedwa kufika, ana sachedwa kumva njala, ndipo mphunzitsi wamkulu atenga chimanga ndi nkhuni pangongole kwa wamalonda amene amlola, pa mtengo umene wamalondayo afuna. Tiyerekeze kuti lisiti linena matumba 100 a chimanga, koma m'sitolo mwalowa 80, ndipo palibe wachiwiri anawerenga potsitsa. Matumba 20 amenewo sasowa m'buku. Asowa m'mbale za ana mwezi womaliza wa teremu, pamene nsima ichepa nthawi yomwe alikukonzekera mayeso. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, atero akale. Koma pano zatembenuka, nkhuyu zodya akulu zilikupota ana.

Cholakwa chachitatu chili ndi ife makolo, ndicho kusandutsa makomiti maluwa a pathebulo. Pasukulu pali bungwe la makolo ndi aphunzitsi, paliponso komiti yoona zogula, ndipo ku banki ndalama sizituluka popanda anthu awiri kapena atatu kusaina. Zonsezi zinaikidwa ndi nzeru. Koma tisankha yani? Kawirikawiri tisankha munthu chifukwa ndi mbale wa amfumu, kapena ndi wachuma, kapena alankhula mokweza pamaliro, osafunsa ngati atha kuwerenga lisiti. Wotereyo asaina cheke chosalembedwa kanthu, nati athandize aphunzitsi asavutike kumlondola kumunda. Osadziwa kuti wapereka kiyi wachiwiri kwa mwini kiyi woyamba. Wina alowa m'komiti kuti nyemba zake ndi za mlamu wake zizigulidwa pasukulu popanda kufananitsa mitengo ya ogulitsa ena. Winanso akonda misonkhano chifukwa cha alawansi, kotero kuti ndalama yokambirana za denga iposa ndalama yogulira misomali. Akafunsidwa ayankha ndi mwambi uja wakuti mbuzi idya pamene aimangirira. Inde, mbuzi itero. Ndicho chifukwa chake munthu wanzeru saimangirira pa nkhokwe.

Cholakwa chachinayi ndicho chinsinsi. Ena ayesa kuti popeza kuli malamulo ndi ofufuza mabuku a boma, ife a kumudzi tigone. Malamulo alipodi: la kayendetsedwe ka chuma cha boma linaikidwa mu 2003 ndi kukonzedwanso mu 2022, ndipo pali Mkulu Wofufuza Mabuku a Boma amene apereka malipoti ake ku Nyumba ya Malamulo. Koma sukulu ndi zambiri, ofufuza ndi owerengeka, ndipo pofika iwo madzi anatayika kale. Kumbukirani za mu 2013 ku Capital Hill mu Lilongwe, zimene zitchedwa Cashgate. Kumeneko kunali makompyuta, malamulo ndi anthu ophunzira kwambiri. Koma ofufuza a Baker Tilly ochokera ku Britain anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatayika m'miyezi 6 yokha, zina mwa izo polipira makampani amene sanapereke katundu aliyense. Ngati zinatheka pa likulu, zingalephereke bwanji pasukulu ya kutali ndi msewu, pamene buku la ndalama likhala m'kabati yokhoma chaka chonse? Anankafumbwe aswana mumdima. Chimanga choyanikidwa padzuwa sachikonda.

Ndidziwa chimene ena adzanena: Ife ndife osaphunzira, kufunsa aphunzitsi za ndalama ndi mwano, ndipo tikalankhula, mwana wathu adzadedwa m'kalasi. Mantha awa sali opanda pake, ndipo ndicho chifukwa chake kufunsa kusakhale kwa munthu mmodzi wolimba mtima, koma kukhale mwambo wa msonkhano wonse, wochitika teremu iliyonse ngakhale zinthu zili bwino. Pamenepo palibe angati, Uje alikundida. Za kusaphunzira, mayi amene adziwa kuti anagulitsa ndowa zingati za mtedza, nalandira zingati, natsala nazo zingati, adziwa kale mutu wonse wa buku la ndalama. Ndiponso kuyambira Seputembala 2020 kuli lamulo lopatsa nzika ufulu wopempha uthenga ku maofesi a boma. Chotero kufunsa mwaulemu si kupanduka. Chimene chili choipa ndicho kukhala chete pamsonkhano, ndi kukanong'ona pa chitsime kuti ahedi amanga nyumba ndi ndalama zathu. Manong'onong'o otere aononga dzina la munthu wosalakwa, ndipo akafika m'makutu a ana abala zipolowe, magalasi naswedwa, makolo omwewo nalipira.

Tichitenji tsono, abale? Zofunika si zambiri, ndipo sizilira ndalama. Pakuyamba pa chaka pakhale chikonzero cholembedwa, chonena ndalama zoyembekezeka ndi ntchito yake ya iliyonse. Ndalama yonse ilowe ku banki isanagwiritsidwe ntchito, ndipo kalata ya ku banki ifananizidwe ndi buku la pasukulu mwezi ndi mwezi ndi munthu amene sagwira ndalama. Wogula asakhale wolandira katundu, ndipo potsitsa matumba pakhale kholo, mphunzitsi ndi mtsogoleri wa ophunzira. Pakutha pa teremu zolowa ndi zotuluka ziwerengedwe pamsonkhano m'chinenero chathu, ndi kupachikidwa pa bolodi pamene aliyense angaone, pamodzi ndi tsiku limene ndalama za boma zinafika, kuti kuchedwa kwa boma kusayesedwe kuba kwa mphunzitsi. Mphunzitsi wamkulu akasamutsidwa, asachoke asanawerengerane zonse ndi womlowa m'malo pamaso pa mboni, monga Ezara anayesa siliva ndi golide pa sikelo ponyamuka, nayesedwanso atafika ku Yerusalemu. Ndipo boma, limene lasenza katundu amene makolo ankasenza, litumize ndalama pa nthawi yake, liphunzitsenso aphunzitsi aakulu ndi makomiti kasungidwe ka mabuku, pakuti si chilungamo kuweruza munthu pa ntchito imene sunamphunzitse.

Inu akulu a mpingo, inu amayi a chigwirizano, mukamva kuti kuli msonkhano wa makolo ku sekondale, musati n'za ena. Pitani, ndipo posankha komiti sankhani monga musankha msungichuma wa mpingo, munthu wosaopa nkhope ndi wosakonda mphatso. Mukafunsa, funsani ndi ulemu. Mukayankhidwa bwino, yamikani poyera, kuti mphunzitsi wokhulupirika adziwe kuti kukhulupirika kwake kwaoneka. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe; ndipo ndalama imene idyetsa mwanayo, nimgulira buku ndi choko, ili ndi eni ake, ndiwo ife.