Golide, "Mowa" ndi Matanthauzo Operewera

Pomasulira phunziro la sayansi m'Chichewa, ena amati alikoholo ndi "mowa", ndipo okosideshoni ndi "kuphatikiza chinthu ndi okosijeni". Matanthauzo awiriwa amakoma m'khutu, koma zimene golide amachita pa alikoholo zimaonetsa kuperewera kwawo.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankayesa golide chitsulo chaulesi, chosalowerera pa kusintha kwa zinthu. Mu 1987 Masatake Haruta wa ku Japan anasonyeza kuti golide akakhala m'tizidutswa tosapitirira mananomita 5 amasanduka katalisiti wamphamvu, ndiye kuti chofulumizitsa kusintha kwa zinthu zina, icho osatha. Mu 1998 Laura Prati ndi Michele Rossi a ku Milan anamwaza tizidutswa totere pa kaboni, ndipo ndi mpweya wa okosijeni anasandutsa ethylene glycol kukhala asidi. Ethylene glycol ameneyu ndi wa m'banja la alikoholo, komatu ndi poizoni wothira m'madzi oziziritsa injini ya galimoto. Mphunzitsi womutcha "mowa" pamaso pa ana akuika miyoyo yawo pachiswe.

Tanthauzo lachiwiri ndilo losokeretsa kwambiri, popeza limaoneka ngati loona. Madzi okhala ndi sodium hydroxide amayamba achotsa haidirojeni mmodzi pa alikoholo. Golide amatsomphola wachiwiri pa kaboni wa alikoholoyo, ndipo chotsala ndi aldehyde. Kufikira pamenepa palibe chimene chaphatikizidwa. Zonse zachitika mwa kuchotsa. Ngakhale aldehyde akapitirira kukhala asidi, okosijeni wolowamo sachokera mumpweya. Mu 2010 Robert Davis ndi anzake a ku University of Virginia anayesa ethanol ndi glycerol pogwiritsa ntchito okosijeni wolemererapo, wotheka kumulondola, napeza kuti wolowa mu asidiyo ndi wa m'madzi. Ntchito ya mpweya uja ndi kusesa maelekitironi otsalira pa golide kuti golideyo alandire alikoholo wina. Mwana woloweza "kuphatikiza ndi okosijeni" adzalozera mpweya, nalakwa.

Nkoyenera kuti alembi ndi akonzi a mabuku asunge mawu obwereka, alikoholo ndi okosideshoni, ndipo achiwiriwo awafotokoze kuti ndi kulanda chinthu maelekitironi. "Mowa" utsalire ethanol yekha, ndipo ngakhale pamenepo, wokhawo wofululira kumwa.