Luanshya m'Buku la Mlendo

Mai Hortense Powdermaker wa ku America anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, ndipo mu 1962 anaturutsa buku lochedwa Copper Town, lofotokoza moyo wa m'komboni ya mgodi wa Roan Antelope. Akuru amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo ka maiyu kanameta bwino pa nkhani ya wailesi ndi ya kanema: wowerenga amacita ngati akumva cikhamu ca anthu cikupfuula usiku poona anyamata a pa akavalo akumenyana pa cinsaru.

Komatu mau a anthuwo sanafike m'buku monga anaturukira m'kamwa. Mwini buku sanadziwe Cibemba. Omthandiza ake ndiwo anamvera zokamba za anthu m'nyumba ndi pa moŵa, nazilemba m'Cingelezi. Mwambi ndi cipongwe sizioloka mtsinje wotere zili zamoyo, cotero amuna a pansi pa mgodi amalankhula m'bukumo ngati ana a sukulu.

Colakwa cacikuru ndi ici: maiyu afunafuna gwero la mabvuto m'mitima ya anthu, pamene lina linali poyera. Nyumba inali ya kampani. Munthu akacotsedwa nchito, denga lomwe linamcokera. Nchito zapamwamba zinasungidwira Azungu. Pa sitalaka ya 1935 anthu 6 anaomberedwa nafa pa Luanshya pomwepo, ndipo anchito amene maiyu anaceza nao anali ndi bungwe lao la Lawrence Katilungu kuyambira 1949.