Amisiri amene amamva kulira kwa mwala

Ku Glasgow, m'madera ngati Govanhill ndi Dennistoun, nyumba zakale zosanjikizana, za miyala yofiirira, zimaima m'mizere mumsewu wonse. Odutsa amayamikira kukongola kwake. Ine mtima wanga uli pa mmisiri wokwera pamwamba uja, amene akugogoda khoma ndi kanyundo, khutu lili tcheru.

Mwala wamoyo umalira ngwee! Wofumbwa mkati umangoti phu, ngati dzungu loola. Iye amausema pang'onopang'ono mpaka afike polimba, kenako n'kulowetsapo wina wofanana nawo mtundu ndi maonekedwe, fumbi lofiira litamudzaza m'nsidze.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi matope ake. Safuna simenti, chifukwa simenti imatsekera chinyezi m'kati, ndipo m'dziko la mvula yosatha ngati Scotland mwalawo umayamba kusupuka. Amakanda laimu ndi mchenga, n'kumakanikiza m'mipata ndi kachitsulo kopyapyala, mzere ndi mzere. Akatha amafunditsa khomalo ziguduli zonyowa kuti liume mosathamanga. Ntchito ya munthu wopupuluma si imeneyi ayi.

M'kati muli ena: wina akutsuka matailosi obiriwira a m'makwerero, wina akusintha chingwe cha zenera lamatabwa kuti lizikwera ndi chala chimodzi.

Manja amenewa atasowa, madzi angalowe m'makoma, denga la pabalaza n'kugwa, ndipo mabanja okwera makwerero amodzi, odziwana mayendedwe, angabalalike kupita kunyumba zatsopano kutali ndi sukulu za ana awo.